Ana a Eni m'Nyumba ya Mayi Lala

Mayi Eulalia Barragán, omwe aliyense ku Parlier amangowatchula kuti Mayi Lala, anayamba kulera ana a eni msana utawakanira ntchito yam'munda. Anabwera kuno ku California ali mtsikana kuchokera ku Michoacán, ndipo anathyola mphesa ndi mapichesi mpaka tsiku lina anawerama kuti ayanike mphesa papepala, n'kulephera kuweramuka. Amuna awo, a Crescencio, omwe ife timati a Chencho, anachita kuwanyamula kupita nawo kugalimoto. Nthawi imeneyo ana awo awiri anali atakula n'kuchoka. M'nyumba munatsala zipinda ziwiri zopanda anthu, ndipo Mayi Lala si munthu woti angathe tsiku lonse popanda wina womukalipira.

Ine ndine Griselda. Ndinkagwira ntchito m'kabungwe kena mu Fresno kopezera mabanja ana amene khoti lawachotsa kwa makolo awo. Boma linkatipatsa anawo, ife n'kuwaika m'manja mwa anthu ngati Mayi Lala, kenako n'kumawayendera pafupipafupi. Ulendo wanga woyamba kunyumba kwawo ndinawafunsa ngati kachipangizo kochenjeza za utsi kakugwira ntchito. Anandikokera mpando n'kundipatsa mtengo wa tsache.

"Kwera uyese wekha, mwananga. Ukamangofunsa, anthu adzakunamiza."

Malamulo athu anali ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo ankachokera kukampani ya inshuwalansi. Boma silipereka mwana kubungwe lopanda inshuwalansi, chifukwa mwana akavulala kapena akachitidwa zoipa m'nyumba imene bungwe lamuika, nkhani imakathera kukhoti, ndipo kampaniyo ndi imene imalipira maloya ndi chipukuta misozi. Choncho kampaniyo inkafuna kuti mankhwala azikhala m'kabati yokhoma, mipeni chimodzimodzi, ndiponso mwana asakwere kumbuyo kwa galimoto yapikapu. A Chencho ankatsatira zonsezi koma mong'ung'udza.

"Inshuwalansi yanuyi ndi apongozi anga," ankatero. "Nkhope yawo sindinaionepo, koma amadziwa pomwe ndimasunga lumo langa lometera."

"Apongozi anu enieni anakupatsani mkazi, awa akukupatsani ana," Mayi Lala ankayankha. "Mukudandaula chiyani, akulu inu?"

Ana ambiri anadutsa m'nyumba imeneyi, ena sabata yokha, ena zaka. Koma amene anakhalitsa ndi Rigoberto. Ine ndisanayambe ntchito, bungwe lathu linamuika m'nyumba ina kumene bambo wapakhomopo ankamuchita zinthu zosati n'kunena. Zitadziwika, bamboyo anamangidwa, ndipo mwanayo, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anabwera naye kwa Mayi Lala. Sankayankhula. Ankagona atavala nsapato. Mayi Lala sanamuuze kuti avule. Anangoyala thaulo lakale kumiyendo kwa bedi, n'kumalichapa pamodzi ndi zina. Munthu wamwamuna aliyense akalowa m'chipinda, Rigo ankatuluka. A Chencho anazindikira msanga, ndipo kwa miyezi yambiri ankadyera pakhonde, akumati m'nyumba mukutentha, ngakhale m'nyengo yachifunga pamene munthu amanjenjemera ndi jekete lomwe.

Madzulo ena Rigo anatenga mbale yake ya nyemba n'kukakhala pakhonde pomwepo, mbali inayo. A Chencho anandiuza kuti sanatembenuke n'komwe kumuyang'ana. Anangokankhira pakati matotiya, timikate topyapyala ta ufa wachimanga. Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankawatsatira kumunda wa mtedza wa maamondi komwe ankakonza mapampu a madzi, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kuwotcherera zitsulo. Atakwanitsa zaka zoti boma limusiye, sanapite kulikonse. Anachoka patsogolo pake atapeza ntchito ku Selma, ndipo ngakhale pamenepo ankabwera Lamlungu lililonse ndi zovala zoti achape, ngati kuti ku Selma kulibe madzi.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi mphambu, Rigo anasumira bungwe lathu kukhoti pa zimene zinamuchitikira m'nyumba yoyamba ija. Munthu woyamba amene iye anamuuza anali Mayi Lala. Iwo anali kukhitchini akusenda tsabola wootcha, ndipo anamvetsera osasiya ntchito.

"Loya akuti mwina adzafuna kuti mukanene mmene ndinaliri pobwera pano," anatero Rigo. "Ngati simukufuna, ndimuuza asakuvutitseni. Ndikudziwa kuti a bungwewo ndi anthu anu."

"Iwe ndiye ndani wanga?" anamufunsa. "Undiuze tsiku lake ndisite diresi."

Anapitadi. Anakhala m'chipinda cha maloya ndi womasulira pambali, n'kufotokoza za nsapato, za thaulo, za amuna awo kudyera panja. Loya wa kampani ya inshuwalansi, bambo wina wa imvi, anawafunsa mafunso ochepa chabe, ndipo potuluka anawatsegulira chitseko. Mawa lake ine ndinapita kukayendera nyumba yawo monga mwa masiku onse, osadziwa kuti tiyang'anana bwanji. Anandipatsa khofi n'kuyamba kudandaula za mtengo wa mazira. Mlanduwo sunafike n'komwe kwa woweruza. Kampani inagwirizana ndi loya wa Rigo n'kulipira. Iye anagula galimoto yantchito, anayamba kupita kwa dokotala wokambirana naye za m'maganizo, ndipo ife tinaona ngati zathera pomwepo.

Koma milandu yotere inali yochuluka m'mabungwe enanso, ndipo ina inkathera pa ndalama zoopsa. Kampani yathu inalengeza kuti chaka chikatha sidzatetezanso mabungwe olera ana. Mkulu wathu anaimba foni kumakampani ena mpaka mawu anasasa. Ena anakana, ena anatchula mtengo woti ngakhale titagulitsa mipando ndi makompyuta sitikanaufika. Pamapeto pake anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti bungwe likutsekedwa. Banja lililonse linayenera kusankha: kulowa kubungwe lina, kulembetsanso kuofesi ya boma, kapena kusiya. Amene sakanamaliza zimenezi tisanatseke, ana awo akanasamutsidwa.

Nthawi imeneyo kwa Mayi Lala kunali mwana mmodzi yekha, Itzel, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, yemwe anali atadutsa kale m'nyumba zinayi asanafike pamenepa. Anali wapakamwa, wokonda kupenta zikhadabo zakuda, ndipo ankakangana ndi Mayi Lala tsiku ndi tsiku pa nkhani ya foni. Ndinapita masana kukawauza Mayi Lala, ndikuganiza kuti iye ali kusukulu. Sindinadziwe kuti tsikulo anaweruka msanga ndipo anali kuchipinda kwake, chitseko chili chotsegula.

Ndinafotokoza zonse. A Chencho anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndiye kuti apongozi anga amwalira," anatero motsitsa mawu. Palibe anaseka.

"Ndiuze zoti ndichite," anatero Mayi Lala. "Zolira tidzalira tikamaliza."

Tili mkati mokambirana tinamva madilowa akukokedwa. Mayi Lala ananyamuka, ine pambuyo. Tinamupeza Itzel akuunjika zovala pabedi, nkhope ili gwa.

"Ukutani, iwe?"

"Ndikulongedza. Ndamva zonse."

"Wamva kuti ukupita kuti?"

"Zimakhala choncho nthawi zonse. Amabwera mayi wa mapepala, amayankhula motsitsa, kenako galimoto." Sanandiyang'ane ponena zimenezi, koma mayi wa mapepalayo ndinali ine.

Mayi Lala anakhala pabedi, pamwamba pa zovala zomwezo.

"Mayi, mwakhalira malaya anga."

"Ndikudziwa. Tamvera, mwananga. Sindikulonjeza zimene sindingathe. Boma ndi boma. Koma ine ndikusaina chilichonse chimene andipatse, ndipo ngati akufuna kuona mano anga ndiwatsegulira kukamwa. Ukachoka pano, udziwe kuti achita kukulanda. Ine sindikukupereka."

Itzel anayamba kukanda penti wa chikhadabo.

"Ndiye dzukani pamalaya angawo," anatero. "Mukuwakwinya."

Mayi Lala anasankha kulembetsa kuofesi ya boma, chifukwa mabungwe ena omwe anatsala nawonso sankadziwa za mawa. Mayi amene analera ana kwa zaka zoposa makumi awiri anayambiranso ngati mlendo. Anakadinda zala, anakapimidwa kuchipatala, anakhala m'kalasi pamodzi ndi maanja achinyamata n'kumaphunzitsidwa mmene angatonthozere mwana wolira. Pobwerako ankandiimbira foni.

"Lero atiphunzitsa kuti mwana akakwiya tizimufunsa mmene akumvera. Ndamufunsa Itzel. Akuti akumva njala."

Vuto linabwera ndi woyendera nyumba wa boma, mnyamata waulemu dzina lake Tobías Lemus. Kuseri kwa nyumba ya Mayi Lala kumadutsa ngalande yothirira minda, ndipo mpanda wake unali wamatabwa akale, ena ataola. Ife tinkauvomereza chifukwa ana aposachedwapa anali akuluakulu. Tobías anaugwedeza ndi dzanja n'kupukusa mutu.

"Pepani mayi, pakufunika mpanda wolimba ndi geti lokhoma. Popanda zimenezo sindingasaine."

"Mtsikanayu amasambira kuposa nsomba," anatero a Chencho.

"Ndikukhulupirira, bambo. Koma chilolezo n'cha nyumba, si cha mwana mmodzi."

A Chencho akanamanga okha mpandawo, koma chaka cham'mbuyo anawachita opaleshoni ya mtima, ndipo dokotala anawaletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa chivwende. Munthu woyenera kuitanidwa aliyense ankamudziwa. Koma Rigo anali atasowa. Chimvereni kuti bungwe likutsekedwa, sanabwerenso Lamlungu, ndipo foni sankayankha. Tinamva pambuyo pake kuti mayi wina wolera ana, yemwe anali atasankha kusiya, anakumana naye pomwetsa mafuta n'kumuuza pamaso kuti, "Wasangalala tsopano? Walemera, ana anzako alibe kopita."

Mayi Lala nawonso anamva zimenezi. Loweruka m'mawa anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Selma, chifukwa iwo sayendetsa galimoto pamsewu waukulu. Anakwera atanyamula poto wa pozole, msuzi wa chimanga ndi nyama, wokulunga m'nsalu, ndipo njira yonse ankangondiuza kuti ndichepetse liwiro msuzi ungatayike.

Tinamupeza Rigo pashedi yomwe amagwirira ntchito, akuwotcherera ngolo. Atationa anazimitsa moto n'kukweza chigoba chakumaso. Anali atawonda.

"Amayi," anatero, n'kuyang'ana pansi.

"Ndimayesa wamwalira. Ndabwera kudzaona manda."

"Ntchito yachuluka."

"Bodza sunaliphunzirebe mpaka lero. Tenga poto uyu, akundiwotcha."

Analandira potoyo koma anangoima naye. Kenako ananena zimene zinkamudya.

"Ndikanangokhala chete, bungwe likanakhalapo. Itzel sakanakhala pa mavuto amenewa. A Griselda sakanataya ntchito." Anandiyang'ana mwachangu n'kubweza maso. "Ndalama zija zina zilipo. Ndikhoza kuzibweza, mwina zingathandize kulipira kampani ina."

Ndinamuuza zoona, kuti mlandu wake unali umodzi mwa yambirimbiri, kuti kampaniyo inasiya mabungwe onse osati lathu lokha, ndiponso kuti ndalama zakezo sizikanasintha kanthu. Ankagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu anga akungomudutsa. Mayi Lala anakoka chidebe chopanda kanthu, n'kuchitembenuza, n'kukhalapo.

"Rigo, inshuwalansi ija ankalipirira chiyani chaka ndi chaka?"

"Kuti pakachitika choipa pakhale polipira."

"Ndiye choipa chinachitika kapena sichinachitike?"

Rigo anayang'ana poto uja, Mayi Lala n'kupitiriza.

"Chinachitika, ndipo chinachitikira iwe, uli kamwana. Amene anatseka bungwe lija ndi bambo uja, ndi ena onga iye, ndi amene ankayenera kuona koma osaona. Iwe unangonena. Ukanakhala chete, ine ndikanakukalipira mpaka imfa yanga." Anapuma pang'ono. "Mayi uja wakunyoza chifukwa nayenso zikumupweteka. Wasiyana ndi ana awiri omwe ankawakonda. Musiye. Koma usamuthandize kukumenya."

Rigo anaika poto pansi n'kuphimba nkhope ndi magolovesi akewo. Mapewa ake ankagwedezeka. Mayi Lala sanadzuke kukamukumbatira, chifukwa ankadziwa kuti mpaka lero sakonda kugwidwa modzidzimutsa. Anangotambasula dzanja n'kugwira m'mphepete mwa malaya ake, n'kukhala choncho mpaka anatonthola. Ine ndinapita kukaona ngolo ija ngati kuti ndimadziwa za ngolo.

"Tsopano," anatero Mayi Lala, "bambo ako akufuna kudzipha ndi mpanda. Dzulo ndawagwira akukoka thabwa. Ubwera liti?"

Anabwera mawa lake ndi zitsulo zodzaza galimoto. Ine ndinapitako masana ndi zakumwa zozizira. A Chencho anali pampando pansi pa mtengo wa mandimu, akulamula ntchito ndi ndodo.

"Mzati uwo wapendekeka."

"Uli bwino, bambo."

"Ndinakuphunzitsa ndine. Wapendekeka."

"Ndi maso anu apendekeka," anatero Itzel, yemwe ankagwira chingwe choyezera. "Agogo, pitani mukagone."

"Tamumvani mwana uyu. Timangireni mpanda wautali kuti pakamwa pake pasatulukire kwa anansi."

Rigo ndi Itzel sankadziwana kwenikweni, kupatula kupatsirana mchere patebulo. Tsiku limenelo ndinawamva akuyankhulana pansipansi kumapeto kwa mpanda. Itzel anamufunsa kuti anakhala nyumba zingati asanafike pano, ndipo Rigo anamuyankha. Kenako mtsikanayo anafunsa ngati chipinda chakecho chinali cha Rigo kale.

"Eya. Dilowa lapansi limalimba, umachita kulikweza pang'ono."

"Ndikudziwa," anatero Itzel.

Tobías anabweranso n'kugwedeza mpandawo ndi manja onse awiri. Sunasunthe. Komabe chilolezo chinachedwa, chifukwa ofesi yawo inadzazidwa ndi mabanja ochokera m'mabungwe otsekedwa. Sabata yathu yomaliza inakwana chisanatuluke. Ine ndinkalongedza mafayilo m'makatoni m'mawa, masana n'kumakakhala pabenchi ya kuofesi ya boma kudikira kuti wina andione. Mayi Lala ankaphika zakudya zochuluka zoti sizingathe, ndipo Itzel anasiya kukangana nawo za foni, zomwe zinawadetsa nkhawa kuposa china chilichonse. Pomaliza Tobías anaimba foni yekha kunena kuti akuluakulu ake asaina. Mayi Lala anathokoza mwaulemu, anaika foni pansi, n'kuuza Itzel kuti akatsuke mbale zomwe anasiya m'mawa.

"Ndatsuka dzulo."

"Dzulo unadya, lero wadyanso."

Itzel anapita akung'ung'udza, ndipo tinamva madzi akutuluka nthawi yaitali kuposa mmene mbale ziwiri zimafunira.

Si onse anathera bwino chomwechi. Mabanja ena anatopa n'kusiya, ndipo ana ena amene ndinkawayendera anapita kumizinda ina, kusukulu zina. Ena ndimawamvabe, ena ayi. Ine ndinapeza ntchito pasukulu ina ku Reedley, yolangiza ana. Kwa Mayi Lala ndilibenso udindo uliwonse, koma ndimapitabe. Amati tsopano ndikhoza kudya mosachita manyazi popeza sindikulembanso malipoti a nyumba yawo.

Iwo akuyandikira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo anauza aliyense kuti Itzel ndiye womaliza. Anauza Tobías, anauza wansembe, anauzanso ana awo pafoni. Koma mwezi wathawu ndinapeza a Chencho pabalaza atazunguliridwa ndi matabwa a kabedi kakang'ono, Rigo atagwada pansi akufunafuna bawuti.

"Musandifunse ine," anatero a Chencho. "Afunseni abwana kukhitchiniko."

Kukhitchini Itzel anali atakhazika patebulo kamtsikana ka zaka zinayi, akukapenta zikhadabo. Kamwanako kankayang'ana aliyense mokayikira, dzanja lina litagwira totiya mwamphamvu.

"Dzina lake Noemí," anatero Mayi Lala. "Tobías akuti ndi masiku ochepa chabe, mpaka apeze azakhali ake. Amaluma, ndiye usamuyandikire kwambiri. Wandiluma kale kawiri." Anandionetsa mkono monyadira, kenako anatembenukira kwa Itzel. "Penti wakudayo ayi, iwe. Mwana wamng'ono ameneyu. M'kabati muli wofiira."